Kamawu kakuti "get" kanandichititsa manyazi ku Yorkshire

Foni ya pa tebulo la anamwino inkalira, ine ndili chilili pambali pake. Mayi amene ankandiphunzitsa ntchito anali m'chipinda cha kumapeto kwa kolido, akusintha zofunda za agogo ena, magolovesi ali m'manja. Anakuwa ali komweko kuti, "Can you get that, love?" Ine ndinainyamula foniyo, poti inali yopanda chingwe, n'kuthamanga nayo mpaka m'chipindamo, n'kuwapatsira ndi manja awiri monga anatilelera kwathu, ikulirabe. Mayiwo anayang'ana foni, anayang'ana magolovesi awo, kenako anayang'ana ine. Foni inasiya yokha kulira.

Linali tsiku langa lachitatu pa ntchito yosamalira okalamba, m'tawuni ina yaing'ono pafupi ndi Leeds, m'dera la Yorkshire ku England. Malinga ndi Chingerezi chimene ndinachoka nacho ku Zomba, sindinalakwitse kanthu. "Get" ndi kutenga, ndipo ndinatenga. Iwo ankatanthauza kuti ndiyankhe foniyo. Patapita masiku awiri belu la pakhomo litalira, munthu wina anati "Can someone get the door?" ndipo mwayi wake ndinali nditaphunzirapo kale, apo ayi kaya ndikanakazula chitseko.

Sindinabwere kuno ndili mbuli ya Chizungu. Pa MSCE ndinakhoza Chingerezi ndi mapointi 3, ndipo mukudziwa kuti kwathu ukalephera phunziro limeneli satifiketi palibe, ngakhale masamu ndi sayansi utazikwapula bwanji. Boma la UK litalola osamalira okalamba kulowa pa Health and Care Worker visa mu Febuluwale 2022, ndinakalemba mayeso a Chingerezi a IELTS ku Lilongwe ndipo ndinadutsa mlingo wa B1 umene ankafuna, mosavutikira n'komwe. Ndinkatha kulemba "nevertheless" osaphonya chilembo. Chimene chinandigwetsa ndi kamawu ka zilembo zitatu kamene mwana wa zaka ziwiri kuno amakatchula tsiku lonse.

Pena ndimati mlandu ndi wa aphunzitsi athu a Fomu 2, Mulungu awadalitse kulikonse ali. Iwo sankafuna kuona "get", "got" kapena "nice" mu chimangirizo. Ukalemba "I got a letter" ankazunguliza ndi cholembera chofiira n'kulemba pamwamba "received". Ankati amenewo ndi mawu a anthu aulesi. Chodabwitsa n'chakuti aphunzitsi omwewo, akafotokoza kanthu pa bolodi, ankatembenuka choko chili m'manja n'kufunsa kuti "Are you getting me?" ife tonse n'kuyankhira limodzi, "Yes sir!" Ndiye kuti tanthauzo limodzi, lija la kumvetsa, tinali nalo kale m'makutu. Enawo anatibisira poganiza kuti akutithandiza. Olemba madikishonale a ku Oxford atawerenga mawu amene anthu amagwiritsa ntchito kwambiri m'Chingerezi, anapeza kuti pa aneni onse, "get" ndi wachisanu, pambuyo pa "be", "have", "do" ndi "say". Tangoganizani, mneni wachisanu m'chiyankhulo chonse, ife tinakula tikumuzemba ngati ngongole.

M'mawa uliwonse malangizo ankabwera motere, mothamanga, munthu akuyenda: "Get room seven up, get him dressed and get him down for breakfast, I'll get the hoist." Ma "get" anayi m'mpweya umodzi. Woyamba ndi kudzutsa, wachiwiri kuveka, wachitatu kutsitsira munthu kuchipinda chodyera, wachinayi kukatenga makina onyamulira munthu amene sangathe kuima yekha. M'mutu mwanga ndinkayamba ndamasulira liwu lililonse kuti "peza" kapena "tenga", kenako n'kumayesa kulumikiza, ndipo pomwe ndinkamaliza mnzangayo anali atakhota kale pa kona. Ndinkangoti "yes" n'kumakaonera zimene ena akuchita. Madzulo ndikafika kunyumba mutu unkachita kuwawa ngati ndasenza nkhuni tsiku lonse.

Amene ananditsegula maso ndi achemwali ena a ku Zimbabwe amene tinkagwira nawo shifiti ya usiku. Agogo awo anachoka ku Dedza kalekale kukagwira ntchito m'migodi, ndipo Chichewa amachiyankhula chosakaniza ndi Chishona, koma timamvana bwinobwino. Usiku wina tikupinda matawulo ndinawadandaulira kuti azunguwa chiyankhulo chawo n'chosauka, chilichonse "get". Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati, "Mng'ono wanga, nanga iweyo kumva umakumasulira bwanji?"

Ndinakhala chete. Taganizani mlendo amene wamuuza kuti kumva ndi "hear". Mawa lake mwana akumuuza kuti ndikumva njala. Wina akuti ndikumva kuzizira. Wina wamva fungo la usipa kuchokera kwa aneba. Mayi akukalipa kuti mwana uyu samva, chonsecho makutu ake ali bwinobwino. Bambo alawa ndiwo n'kunena kuti mchere sukumveka. Kapena tengani kugwira: timagwira ntchito, tulo timatigwira, netiweki sikugwira, mankhwala agwira, wakuba wagwidwa, ulaliki unali wogwira mtima, mnzathu wagwira njakata. Palibe Mchewa amene amaima n'kuganiza kuti kodi njala imamveka ndi khutu liti. Timamva mawu onse pamodzi, "kumva njala", ngati chinthu chimodzi. Achemwaliwo anandiuza kuti ndisiye kumvetsera "get", ndizimvetsera chimene chikubwera pambuyo pake, chifukwa tanthauzo lili kumeneko.

Kuyambira usiku umenewo ndinayamba kuyenda ndi kakope kakang'ono m'thumba la yunifolomu. Sindinkalemba liwu lokha ayi. Ndinkalemba chiganizo chonse monga ndachimvera, amene wanena, ndi zimene zachitika pambuyo pake. Pa mwezi umodzi ndinadzaza masamba oposa khumi, ndipo nditawawerenga mofatsa ndinaona kuti chipwirikiticho chili ndi mutu wake. Paliponse pamene pali "get", pali china chimene chikusintha. Kanthu kamene sunali nako kafika m'manja mwako, kapena munthu wachoka apa wafika apo, kapena mmene zinthu zinalili si mmene zililinso.

Pambuyo pa "get" pakabwera dzina la chinthu, nkhani ndi yosavuta. Chinthucho chafika kwa iwe, ndipo mmene chafikira uzidziwira wekha. "I got a letter", kalata walandira. "I got these shoes in the market", nsapato wagula. "She got a cold", chimfine chamugwira. "He got a job", ntchito wapeza. "Get me a towel", pita ukatenge. Ngakhale apa ndinapunthwapo kamodzi. Tinapita kukamwa tiyi ndi mnzanga wa kuntchito, Mngelezi, ndipo titafika pa kauntala anati "I'll get these." Ine ndinamva kuti iye ndi amene anyamule makapu kupita nawo pa tebulo, ndiye ndinatulutsa khadi langa kuti ndilipire wanga. Anandigwira dzanja. Ankatanthauza kuti alipira ndi iye. Anawonjezera kuti "You get the next one", kutanthauza kuti ulendo wina ndidzagule ndine, ndipo dziwani kuti mawu amenewa samangonena. Amakumbukira.

Pambuyo pake pakabwera malo kapena timawu tija ta "on", "off", "in", "out", "up", ndiye kuti pali kuyenda. Basi ndi sitima umachita "get on" ndi "get off", koma galimoto yaing'ono ndi takisi ndi "get in" ndi "get out". Kufika ndi "get to": "What time did you get to work?" Koma kunyumba salowetsapo "to", amangoti "get home", chimodzimodzi "get there" ndi "get here". Zimenezi ndinazigwira msanga chifukwa basi ndinkakwera tsiku lililonse. Vuto ndi lakuti timawu tomweti timakhalanso ndi matanthauzo ena amene alibe chochita ndi basi. Sabata yachiwiri abwana anandipeza m'kolido n'kundifunsa mwansangala kuti, "How are you getting on?" Ndinawafotokozera bwinobwino kuti ndimakwerera pa siteji ya pafupi ndi tchalitchi, basi ya 6:20. Anamwetulira mwaulemu wa Angelezi uja wosakuuza kuti walakwa. Ankafunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji. "Get on" yemweyo akabwera ndi "with" ndi munthu, ndi kugwirizana: "Do you get on with her?" Akabwera ndi "with" ndi ntchito, "Get on with it", akukuuza kuti siya kuzengereza, ndipo kawirikawiri wonenayo watopa nawe. Akati agogo awa "are getting on a bit", akunena kuti akukalamba. Zonsezi zili pa tsamba limodzi m'kakope kanga.

Chimene ndikufuna kuti mumvetse kwambiri, makamaka inu amene mukugwira ntchito za odwala, ndi "get" wa kusintha kwa mmene munthu alili. Apa m'pamene ndinalakwitsa zenizeni, osati zoseketsa.

Chichewa chathu sichifuna mawu apadera onena za kusanduka, chifukwa aneni athu amanyamula okha kusinthako. Kutopa, kukalamba, kunyowa, kukwiya, kuchira, kunenepa, kuwonda. Tikati "ndatopa" tanena ziwiri nthawi imodzi, kuti kutopa kwandifikira ndiponso kuti pano ndili wotopa. Tikati "kunja kwada" chimodzimodzi. Chingerezi chimazigawa pawiri. "I am tired" ndi mmene ulili. "I get tired" kapena "I'm getting tired" ndi ulendo wopita kumeneko. "It is dark" ndi mdima umene ulipo, "it's getting dark" ndi chisisira chikugwa. Ife poti m'mutu mwathu ndi liwu limodzi, timangotola "is" paliponse, osadziwa kuti tataya theka la uthenga.

Panali agogo aakazi a m'chipinda nambala 12, odwala matenda oiwalaiwala aja a dementia. Masiku onse ankasokoneza mayina ndi masiku, koma chipinda chawo ankachidziwa, ine ankandidziwa nkhope, ndipo usiku ankagona bwino. Usiku wina zinthu zinasintha. Anadzuka kanayi, ankafuna kutuluka kuti akatenge ana kusukulu pakati pa usiku, bafa lawo lomwe sankalidziwa, ndipo ankaitana mayi awo amene anamwalira kalekale. Ndinakhala nawo, ndinawapatsa madzi, ndinawagoneka. M'mawa popereka lipoti kwa a shifiti ya masana ndinati, "She was confused in the night." Namwino anagwedeza mutu n'kupita pa dzina lotsatira. Akanadabwa chiyani? Mufayilo mwawo munalembedwa kale kuti ndi "confused". Ndinawauza chinthu chimene ankachidziwa.

Nditabwera usiku wotsatira ndinamva kuti masana thupi linatentha, dokotala anaitanidwa, ndipo anapeza matenda a m'njira ya mkodzo. Kwa okalamba, matenda otere kapena a m'chifuwa nthawi zambiri amayamba kuonekera mwa kusokonezeka mutu kwadzidzidzi, kumene achipatala amati delirium, thupi lisanatenthe n'komwe. Namwino uja ananditengera pambali, mosakalipa, n'kundifunsa zimene ndinaona. Nditafotokoza zonse anati, ukanati "she's getting more confused" kapena "she's getting worse", ndikanasiya zonse n'kupita kukawaona nthawi yomweyo. Agogowo anachira atamwa mankhwala, koma anavutika maola angapo amene sanayenera kuvutika, chifukwa cha liwu limodzi limene ine ndinalisiya. M'Chichewa ndikanati "asokonezeka kwambiri usiku uno" ndipo aliyense akanamva kuti zasintha. M'Chingerezi kusinthako kumafuna "getting". Kuyambira pamenepo lipoti langa limakhala lodzaza ndi "getting weaker", "getting breathless", "getting better", "got upset after lunch", ndipo aphunzitsi anga a Fomu 2 andikhululukire.

China chimene palibe buku kapena mayeso a IELTS anandikonzekeretsa ndi katchulidwe ka kuno kumpoto kwa England. Anthu a ku Yorkshire ndi madera oyandikana nawo, pa mawu ena afupiafupi, "t" wa kumapeto akakumana ndi mawu oyamba ndi a, e, i, o kapena u, amamusandutsa "r". "Get off" amamveka "gerroff", "get up" ndi "gerrup", "shut up" ndi "shurrup". Tsiku lina ndikuthandiza agogo aamuna kuvala juzi, ndawagwira mkono, anayamba kukuwa kuti "Gerroff! Gerroff!" Ine ndinkayesa akuitana munthu, mwina mwana wawo dzina lake ndi limenelo, ndiye ndinapitiriza kulowetsa mkono uku ndikuwanyengerera kuti abwera posachedwa. Anandikankha mwamphamvu mpaka ndinagunda kabati. Ankandiuza kuti ndiwasiye, ndichotse manja anga pathupi pawo. Phewa lawo linali ndi nyamakazi ndipo ndinkawapweteka. Pa ntchito imeneyi munthu akakana kugwidwa umayenera kusiya pomwepo, ndi ufulu wake, kaya akudwala mutu kaya ayi. Ndiye ngati mukupita kumpoto kuno, liwu limeneli lisungeni pamtima musanaphunzire ena onse. "Get off" pa basi ndi kutsika, koma "get off" kapena "get off me" kuchokera kwa munthu amene mwamugwira ndi kuti tandisiyani.

Agogo omwewo, tsiku limene mutu unali bwino, ndi amene anandiuza kumene liwuli linachokera. Anali mphunzitsi wa mbiri yakale asanapume. Anati "get" si wa Angelezi enieni, anabwera ndi ma Viking ochokera ku Scandinavia, amene analanda mzinda wa York mu 866 n'kukhazikika dera lonseli. M'chiyankhulo chawo ankati "geta". Anasiyanso mawu ena a tsiku ndi tsiku monga "take", "egg", "window", "sky" ngakhalenso "they". Nditapita ku York ndinaona misewu yambiri ya mayina othera ndi "gate", monga Coppergate ndi Stonegate, ndipo palibe geti lililonse, chifukwa "gata" kwa ma Viking unali msewu. Zinandikumbutsa nsapato, kalata ndi mbatata zathu zimene tinatola kwa Apwitikizi, ndipo lero palibe amene amazimva ngati zachilendo. Agogowo ankadana kwambiri ndi achinyamata amene amalowa mu shopu n'kunena kuti "Can I get a coffee?" Ankati chimenecho ndi Chimereka, munthu wolongosoka amati "Can I have", ndipo wogulitsayo ayenera kuyankha kuti ayi, khalani pomwepo, ndikutengerani ndine. Chimerekanso ndi "gotten". Kuno amati "it has got worse", ku America "it has gotten worse", ngakhale kuti "gotten" ndi wakale kwambiri ndipo anachokera konkuno, mungamuone atabisala mu "forgotten".

Pali "got" wina amene alibe kutenga kulikonse mkati mwake. "I've got two children" ndi kungonena kuti ndili ndi ana awiri. "Have you got a pen?" ndi muli ndi cholembera. Mukawonjezera "to" zasanduka lamulo: "I've got to go", ndiyenera kupita, ndipo pakamwa pa anthu zimangomveka "gotta go". Koma chenjerani ndi m'bale wake "get to", amene tanthauzo lake ndi lotembenuka. "I've got to work on Christmas Day" ndi kudandaula kuti palibe kuchitira mwina. "I get to go home in August" ndi chimwemwe, mwayi wapezeka. Kusiyana kwake ndi kochepa m'khutu moti ndinayamba ndayankhapo "oh, sorry" kwa munthu amene ankandiuza nkhani yabwino yoti akaona zidzukulu zake.

Awiri ena ndinawamvetsa mosavuta nditawafananiza ndi Chichewa. Ife timati mbale yasweka, foni yatayika, chitseko chawonongeka, osatchula amene wachita. Iwo amati "it got broken", "it got lost", "it got damaged". Momwemonso "get paid" kulandira malipiro, "get married" kukwatira kapena kukwatiwa, "get caught" kugwidwa, "get sacked" kuchotsedwa ntchito. Ndipo pamene ife timati ndakalukitsa tsitsi, ndasoketsa diresi kwa telala, ndakonzetsa galimoto, iwo amati "I got my hair done", "I got a dress made", "I got the car fixed". Ka "-itsa" ndi "-etsa" kathu kaja ndi kameneka. Munthu akati "I'll get the nurse to look at it", akuti awauza anamwino kuti aone. Nditazindikira zimenezi ndinasiya kunena "I plaited my hair" ndikachokera ku saluni, zimene zinkapangitsa anzanga kundiyamikira kuti ndili ndi luso loluka kumbuyo kwa mutu wanga womwe.

Kulakwitsa kumene kumandiwawabe mpaka lero ndi kwa pa maliro. Agogo ena amene ndinawasamalira miyezi isanu ndi itatu atamwalira, mwana wawo wamkazi anabwera kudzatenga katundu. Anali mayi wachikulire ndithu, ndipo analira atagwira ma silipasi a mayi ake. Kwathu ndikanakhala naye pansi n'kunena kuti pepani, limbani mtima, Mulungu akutonthozeni. Ndinafufuza m'mutu mawu ofanana nawo ndipo ndinakumbukira "get over", amene ndinali nditalemba m'kakope kuti ndi kuchira, poti ndinamva wina akuti "she's getting over the flu". Ndiye ndinamugwira paphewa n'kunena kuti, "You will get over it." Nkhope yake inauma. Anati "thank you" n'kupitiriza kulongedza osandiyang'ananso. Pambuyo pake achemwali a ku Zimbabwe aja anandifotokozera kuti chimfine umachita "get over", chibwenzi chikatha umachita "get over", koma kuuza namfedwa choncho kuli ngati kumuuza kuti mayi akowo uwaiwala posachedwa, si nkhani yaikulu. Ndipo "Get over it!" payekha ndi mawu okalipira munthu kuti asiye kudandaula. Amene ndinkafuna ndi "get through": "You'll get through this", mupirira mpaka mudutsa m'nyengo yowawayi. Ngakhale pamenepo, chabwino koposa ndi kungoti "I'm so sorry" n'kutchula kanthu kabwino kamene ukukumbukira za malemuwo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ndinalemba kakhadi kopepesa, ofesi inatumiza, koma sindinamuonenso mayiyo.

Ena ndingowatchula mothamanga poti mudzakumana nawo sabata yoyamba. "Get rid of" ndi kutaya kapena kuchotsa. "Get used to" ndi kuzolowera, ndipo mudzauzidwa kambirimbiri za nyengo kuti "you'll get used to it", zimene kwa ine sizinachitikebe. "Get by" ndi kukhala movutikira koma osagona ndi njala. "Get away with" ndi kulakwa osagwidwa. "I don't get it" ndi sindikumvetsa, makamaka nthabwala. "I'll get back to you" ndi ndikuyankhani nthawi ina, ndipo akakuuzani abwana pa nkhani ya tchuthi kapena maola owonjezera, lembani tsiku, mudikire masiku atatu, mukafunsenso, chifukwa nthawi zina amafanana ndi "tiona" wa kwathu. "Get lost" samalani naye: "I got lost" ndi ndinasochera, koma "Get lost!" ndi choka apa, mwachipongwe.

Aphunzitsi anga aja sanalakwitse zonse. Polemba kalata yofunsira ntchito, CV, kapena chimangirizo cha mayeso, "receive", "obtain", "become" ndi "arrive" amaoneka bwino, ndipo ma "got" asanu m'ndime imodzi amaonetsadi ulesi. Cholakwika chinali kutipangitsa kuganiza kuti Chingerezi cha pa pepala ndi chimene anthu amayankhula. Ndikanena kwa agogo kuti "Would you like to rise and obtain your breakfast?" angaganize kuti ndikuwaseka. Ndipo pa gawo loyankhula ndi lomvetsera la IELTS, munthu amene amatha kunena "I get on well with my sister" mosakakamiza amamveka wodziwa chiyankhulo kuposa amene waloweza mawu aatali. Mng'ono wanga amene ali ku Blantyre akukonzekera mayeso omwewo ndinamuuza kuti asaloweze mndandanda wa pa intaneti wa ma "get" makumi asanu. Aziti akamaonera mpira wa ku England kapena kumvera BBC, akamva "get" aime, alembe chiganizo chonsecho, ayese kuchinena m'Chichewa chenicheni, osati liwu ndi liwu. Akapeza kuti Chichewa chake ndi kukwera, kudzuka, kuchira kapena kulukitsa, ndiye kuti wachigwira. Ndipo pa ntchito, ngati simunamve, funsani kuti "Do you mean answer it, or bring it?" Anthu a kuno sakhumudwa ndi funso. Chimene chimawasowetsa mtendere ndi "yes" wa munthu amene sanamve.

Kakope kaja ndikadali nako, ndipo kakulandirabe alendo. Mu Epulo 2025, Leeds United ili pafupi kubwerera mu Premier League, tinasonkhanitsa agogo okonda mpira m'chipinda chochezera kuti atsatire masewero. Ine ndinali pakhomo ndi thireyi ya tiyi ndi mabisiketi. Mwadzidzidzi agogo aphunzitsi aja, amene kawirikawiri mawu awo samveka patali, anamenya mkono wa mpando n'kukuwa kuti "Get in!" Ndinalowa msangamsanga, tiyi n'kutayikira m'masosala, ndikuganiza kuti ndawatsekereza kapena ndachedwa. Palibe amene anandiyang'ana. Maso onse anali pa TV, anyamata a malaya oyera akukumbatirana pa kona. Ndinaika thireyi pansi, ndinatulutsa kakope, n'kulemba pansi pa "get in" wa takisi uja: chalowa.